Nalimata ndi Batire Lachitatu la Mfumu Njiri

Padangokhala, ndipo amene muli maso vomerani kuti tili tonse, panali mudzi wa nyama umene mfumu yake inali Njiri. Amfumu amenewa sanali ankhanza ayi. Milandu ankaweruza mwachidule, chakudya ankagawa, koma anali ndi nthenda imodzi yosamva mankhwala, ndiyo gule. Akangomva chinthu chikulira, ngakhale munsi wa mayi wosinja, kamchira kawo kankaima njo, mapazi n'kuyamba kuyabwa, ndipo mlandu unkathera pomwepo.

Chaka china Khwangwala, amene ankayendayenda m'matauni a anthu, anabweretsa sola yaikulu, batire, babu ndi wailesi ya masipika awiri. Sola anaikhoma padenga la nyumba ya pabwalo. Masana inkamwa dzuwa n'kumathira moto m'batire, ndipo madzulo batire linkayatsa babu ndi kuimbitsa wailesi. Pakati pa zonsezi panali kabokosi ka timaso tinayi towala. Tikayaka tonse, ndiye kuti batire lakhuta. Tikamazima kamodzikamodzi, ndiye kuti moto ukutha, ndipo kotsiriza kakafiira kabokosiko kankadula moto kokha kuti batire lipume.

Apa m'pamene pankalowerera nduna ya mfumu, Nyani. Wailesi ikangoti zii gule ali pakati, amfumu ankakuwa kuti, "Nduna! Chavutanso n'chiyani?" Nyani ankathamanga, n'kuzula mawaya kukabokosi kuja, n'kuwalumikiza pabatire penipeni kuti afinye ndi kotsalira komwe. Wailesi inkalira mpaka mawu ake kukhala ngati a chule wodwala, ndipo nyama zinkaomba m'manja kuti nduna ili ndi mutu.

Batire loyamba linafa chaka chisanathe. Anati wolakwa ndi mlonda wake, Nungu, ndipo anamusamutsa m'mudzi. Lachiwiri linafanso chimodzimodzi, ndipo Kanyimbi amene ankalilondera anamanga katundu n'kutsata Nungu. Khwangwala atabwera ndi lachitatu, analitula pansi ali wefuwefu.

"Ili ndi lomaliza," anatero. "Msana wanga watha ndi kusenza mitembo yanuyi. Batire labwino limayenera kuona mvula zambiri, osati imodzi."

"Chabwino," anatero amfumu. "Mlonda akhala ndani?"

Nyama zonse zinayamba kuwerenga zala za kumapazi. Nyani anaponya maso pakhoma, n'kuona Nalimata ali phee pafupi ndi babu, kamimba kali tantha ndi agulugufe a dzulo.

"Uyo apo, Gogo! Ndani amadya za babu kuposa iyeyu? Ife timavina, iye amanenepa."

"Zoona," anatero amfumu akuseka. "Nalimata, batire ndi lako. Likaona mvula zitatu lili moyo, khoma limenelo ndi lako ndi zidzukulu zako. Likafa, njira ya Nungu ukuidziwa."

Nalimata anachita mantha kwambiri. Pakhomapo m'pamene anabadwira, ndipo mazira ake anali mumng'alu kuseri kwa chitseko. Koma paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye anatsika n'kukapeza Khwangwala asananyamuke.

"Achimwene, mundiuze zoona. Chimapha mabatirewa n'chiyani?"

"Ndi inu nomwe," anayankha Khwangwala. "Batire ili ndi lopirira, koma silikonda kukokedwa mpaka pansi. Nthawi iliyonse imene mwaligwetsa pansi, limadzuka litachepa mphamvu pang'ono, ndipo mphamvu imeneyo siibweranso. Muzingotapa pamwamba. Timaso tiwiri tikazima, zimitsani zonse, mawa dzuwa lilidzaze mpaka timaso tonse tiyake. Mukamatapa zochepa kuposa pamenepo, ndiye bwino kwambiri."

"Basi?"

"Basi. Koma kauze Njiri zimenezo, uone."

Nalimata anapitadi, n'kufotokoza zonse mwaulemu. Amfumu anaseka mpaka misozi.

"Iwe, theka lotsalalo tisungire ndani? Alendo?"

"Mtsuko ukadzaza, madzi ake n'ngomwa onse," anawonjezera Nyani. "Mlonda uyu ndi waulesi, akufuna azikagona msanga."

Nalimata anabwerera pakhoma pake ataona kuti choonadi chokha sichimupulumutsa. M'mawa mwake anakwera padenga kukapukuta fumbi pasola, ndipo ali pantchitoyo anapeka kanyimbo. Kankauza batire kuti limwe dzuwa likhute, kankalilonjeza kuti madzulo adzangotapako pamwamba, zapansi n'kusiyira mawa. Povomera pake panalibe mawu, koma kugogoda lilime katatu monga amachitira analimata. Akumaliza kuimba, nzeru inali itabwera.

Madzulo ake gule anayamba, fumbi n'kuti koboo. Nalimata anakhala pakabokosi maso ali tcheru. Kaso koyamba kanazima. Kachiwiri katangozima, anakuwa mokweza, n'kudziponya pakati pa bwalo, n'kudula mchira wake.

"Mayo! Landiluma! Batire landiluma!"

Mchira unayamba kuphiriphitha wokha pamaso pa amfumu, mwini wake akugubuduzika pambali.

"Lakuluma bwanji?" anafunsa amfumu, kamchira kawo atakapanira pakati pa miyendo.

"Likafika theka limalusa, Gogo! Limayamba ndi michira ya amene ali pafupi, kenako limasaka ya akuluakulu!"

Nyama iliyonse inagwira mchira wake n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka. Nyani, amene mchira wake ankaunyadira, ndiye anazimitsa wailesi ndi manja ake. Kuyambira tsiku limenelo, timaso tiwiri tikazima panalibe wotsutsa. Mvula yoyamba inagwa n'kupita, batire lili gwa, ndipo m'mawa uliwonse Nalimata ankaimba kanyimbo kake padenga, mchira watsopano ukumera bwinobwino.

Koma tsabola wakale sawawa. Tsiku lina Nyani akusewera anagwira Buluzi, msuweni wake wa Nalimata, ndipo mchira unatsala m'manja mwake, mwini wake n'kuthawa. Nyani anauyang'ana mchirawo ukuphiriphitha, n'kuyang'ana kunyumba ya pabwalo kumene batire linali kutali, mpaka zinamulowa m'mutu. Anathamangira kwa amfumu.

"Gogo, tapusitsidwa! A mtundu umenewu michira amadula okha!"

Amfumu anaitanitsa Nalimata. "Iwe, batire linakuluma kapena unadziluma?"

"Gogo, zinachitika mofulumira, sindinaone bwino," anayankha Nalimata.

Amfumu anaseka, pakuti ankakonda nthabwala ngakhale yowagwera iwo eni. "Lero tivina mpaka litheretu. Ukadulanso mchira tikuwotchera."

Tsiku lonse Nalimata mtima sunali m'malo. Madzulo anakhalanso pakabokosi, ndipo kaso kachiwiri katatsala pang'ono kuzima, anayenda chakhoma mpaka pamene amfumu anaima kupumira, n'kuyamba kupukusa mutu ngati wamva chisoni.

"Watani iwe?"

"Palibe, Gogo. Ndimangodandaula kuti mudzi uno uli ndi golide koma ukumvera zitini."

"Golide wake uti?"

"Mawu anu. Ine ndimakhala pakhoma, ndimakumvani mukamang'ung'udza posamba. Oimba a muwailesiwa akanakumvani akanasiya ntchito. Koma nanga mungamveke bwanji chiphokoso chili chonchi?"

Tinene zoona, mawu a Njiri anali oti mwana akawamva amasiya kuyamwa. Koma ndi mfumu iti imene inauzidwapo kuti imaimba bwino n'kukana? Amfumu anakweza dzanja.

"Nduna, zimitsa chinthucho! Ndiimbe iti, Nalimata?"

Nalimata anawaphunzitsa kanyimbo kake ka padenga kaja. Amfumu anatsogolera ndi mawu awo a m'mphuno, kuuza batire kuti likhute dzuwa ndi kulilonjeza kuti zapansi azisiyira mawa, osaganizako n'komwe zimene akunenazo. Nyama zinavomera ndi kugogoda malilime katatu, zina zikubisa nkhope kuti zisaphulike ndi phwete. Atamaliza, Nalimata analiza nthungululu, ndipo zinazo zinatsatira poopa kuoneka zansanje.

Unasanduka mwambo. Madzulo aliwonse timaso tiwiri tikazima, wailesi inkatsekedwa, amfumu n'kuimirira. Ndipo chifukwa cha kuimbako, nyama zinkakumbukira msanga kuti zili ndi ntchito mawa, n'kumabalalika imodziimodzi, babu n'kuzimitsidwa. Nyani ankakukuta mano, koma akananena kuti chiyani? Kuti mfumu siitha kuimba? Mvula yachiwiri inagwa n'kupita, batire likadali ngati latsopano, ndipo ana a Nalimata anali atadzaza khoma.

Zinthu zinasokonekera m'nyengo yokolola. Mwana wamkazi wa amfumu anapeza banja kwa a Mbidzi, ndipo ankhoswe a kuchimuna anabwera kudzakamba za ukwati. Anafika madzulo amfumu ali pakati pa nyimbo. Alendowo anaima, n'kuyang'anana, n'kuvula zipewa, n'kukhala pansi mwakachetechete.

"Pepani, eni mudzi," anatero wamkulu wawo. "Sitinamve kuti kuno kwagwa zovuta. Watisiya ndani?"

Wina kumbuyo analephera kupirira, ndipo mudzi wonse unagwa nako kuseka kumene unakusunga kwa chaka chathunthu. Amfumu anachita manyazi mpaka njerewere za kumaso kwawo zinatuwa.

"Nalimata," anatero alendo atapita, "wandiimbitsa chaka chonse ngati ng'ombe yomangidwa. Imva tsono. Ukwati wa mwana wanga ukhala wa masiku asanu ndi awiri. Wailesi izilira kuyambira dzuwa kulowa mpaka batire litanena lokha kuti latopa. Nduna, konza mawaya ako."

"Ndakonza kale, Gogo," anatero Nyani, mano onse ali pamtunda.

Apa Nalimata anagwira njakata. Mvula yachitatu inali itatsala miyezi yochepa, ndipo ankadziwa kuti mwambo wofinya batire ukangobwerera, sudzathera paukwati. Mantha anawagwiritsa kale ntchito, kutamanda nakonso. Anakwera padenga n'kukhala pasola osaimba. Dzuwa linamutentha pamsana, ndipo anayang'ana mmene linkathirira moto wambiri masanawo, batire litakhuta kale, wina wonse ukungotayika. Anagogoda lilime katatu n'kutsika.

Anapeza amfumu akuyesa chovala cha ukwati.

"Gogo, ndabwera kudzavomereza kuti ndinalakwa. Muvine usiku, ndi bwino ndithu. Zimene akunena anthu musazimvere."

"Anthu ati? Akunena chiyani?"

"Ayi, si zoti n'kubwereza."

"Nena!"

"Ndi asewere anu, a Mbidzi. Akuti a kwa Njiri amavina mumdima chifukwa nkhope zawo ndi mapazi awo si zoonetsa padzuwa. Akuti mbidzi imavina dzuwa likuswa mtengo kuti mizere ioneke, ndipo njiri singathe ngakhale mpaka masana."

Amfumu anafwenthera ukali. "Atero? Ine? Nduna! Gule aziyamba dzuwa likangokwera, ndipo ine sindikhala pansi mpaka litalowa!"

"Koma Gogo, mawaya aja..." anayamba Nyani.

"Mawaya ako ukamangire mbuzi!"

Tsiku loyamba la ukwati Nalimata anadzuka m'mamawa n'kupukuta sola mpaka kunyezimira. Wailesi inayamba kulira dzuwa litakwera, ndipo popeza sola inali yaikulu, inkaimbitsa wailesi uku ikudzaza batire. Amfumu analowa m'bwalo. Anavina chotsogola, anavina chobwerera, anadumpha, anazungulira pamaso pa a Mbidzi akuwatulutsira maso, a Mbidziwo n'kumangoomba m'manja osadziwa kanthu. Thukuta linali kamukamu. Mfumukazi, akazi awo a amfumu, anawanong'oneza kuti apumeko, koma iwo anangowakankhira pambali. Dzuwa polowa amfumu anagwa pansi ngati thumba la chimanga, ndipo nyama zinayi zinawanyamula. Nyama zonse zinali zitatheratu. Babu linayaka kanthawi kochepa kuti nyama zidye, ndipo pozimitsa kaso kamodzi kokha n'kamene kanali katazima.

Tsiku lachiwiri amfumu anadzuka akutsimphina, koma analowanso. Kudumpha kunali kutachepa, ndipo anagwa dzuwa likadali ndi mkono umodzi kuti lilowe. Tsiku lachitatu anangovina ndi mapewa, n'kugwa masana. Tsiku lachinayi gule anayamba popanda iwo, ali gone pamphasa pakhonde, akubuula.

A Mbidzi anabwera kudzawazonda. "Asewere, ndaona ovina m'moyo mwanga, koma inu ndinu ena."

"Mwaonatu," anatero amfumu monyada, ngakhale mawu anali otsika. "Paja munkati a kwa Njiri timabisa nkhope mumdima."

"Ine? Ndinanena liti zimenezo? Ndikanalola bwanji mwana wanga kukwatira kwa anthu amene ndikuwanyoza?"

Amfumu anatembenukira kwa Nyani. "Nduna," anatero pang'onopang'ono, "kanditengere kanyama kapakhoma kaja."

Nyani sanayende, anachita kuuluka. Anabwera atamugwira Nalimata pakhosi, osati kumchira, n'kumuika pamphasa. Nyama zinasiya gule n'kuzungulira khonde.

"Katatu!" anakuwa Nyani. "Mchira, nyimbo, tsopano kudanitsa mfumu ndi asewere ake. Asamuke lero lomwe!"

Nalimata anaona ana ake atasuzumira pakhoma. Anagwada n'kuomba m'manja.

"Gogo, ndinanama katatu, sindikukana. A Mbidzi andikhululukire, pakamwa pawo sipanatuluke choipa. Ndisanapite, mundilole ndifunse timafunso."

"Funsa."

"Dzulo munadya?"

"Ndinadya mbale zitatu."

"Munagona?"

"Ngati mwala."

"Ndiye mwakhutatu mphamvu. Dzukani mukavine."

Amfumu anayesa. Miyendo yakumbuyo inadzuka, koma yakutsogolo inapinda, ndipo anagwada n'kubwerera pamphasa.

"Ikukana," anatero modabwa. "Ndikudya, ndikugona, koma tsiku lililonse ndikudzuka ndi mphamvu zochepa kuposa dzulo."

"Nanga amayi aja?" anatero Nalimata akuloza Mfumukazi, amene anali atangotuluka m'bwalo akudzipepesa ndi nsalu, nkhope ili ngwee. "Avina masiku onse anayi."

"Ine ndimavina nyimbo zitatu n'kukhala pansi ndikadali ndi mphamvu," anatero Mfumukazi. "Ndinakuuzanitu, bambo, inu n'kundikankha. Ndivina mpaka tsiku lachisanu ndi chiwiri, inu muzionerera muli pamphasapo."

Amfumu anayang'ana akazi awo, anayang'ana mawondo awo, kenako anatembenuzira mutu kunyumba ya pabwalo kumene timaso tinayi tinkawala tonse. Mimba yawo inayamba kugwedezeka, ndipo anaseka chikhakhali mpaka kugwira nthiti.

"Kalanga ine! Ndiye kuti mabatire awiri aja tinkawavinitsa chonchi? Madzulo aliwonse mpaka kugwa?"

"Ndipo akagwa, nduna inkawadzutsa ndi mawaya kuti avinenso," anatero Nalimata motsitsa mawu.

Nyani anayamba kuyang'ana kumwamba ngati akufuna mvula.

"Imvani nonse," anatero amfumu ali chigonere. "Nalimata sapita kulikonse. Wina athamange akauze Nungu ndi Kanyimbi kuti abwerere, tinawalakwira. Gule wamkulu azichitika masana, dzuwa likutiimbira lokha. Madzulo timaso tiwiri tikazima, zonse zizime, ndipo wokhudza mawaya aja adzaona chimene chinameta nkhanga mpala. Nduna, kuyambira mawa sola uzipukuta ndiwe."

Nthungululu zinalira, gule n'kuyambiranso. Ukwati unatha bwino, Mfumukazi atavina masiku onse asanu ndi awiri, ndipo potsekera mudzi wonse unaimba kanyimbo ka Nalimata, a Mbidzi akutsogolera, amfumu atapemphedwa mwaulemu kuti iwo azingogogoda lilime.

Mvula yachitatu itagwa, batire linali lamoyo ndithu. Madzulo amenewo ngumbi zinatuluka n'kuunjikana pababu, nyama zinadzaza malichero, ndipo Nalimata ndi ana ake anadya mpaka kulephera kukwera khoma limene tsopano linali lawo. Batire lija linaonanso mvula zina, mpaka Khwangwala atadutsa ulendo wina anakana kukhulupirira kuti ndi lomwe lija.

Koma mawondo a amfumu sanabwerere mwakale. Anawathowa ndi madzi otentha, anawapaka mafuta a nsatsi, anapuma miyezi, koma mphamvu imene anaifinya masiku atatu aja inapitiratu. Kuvina ankavinabe, nyimbo ziwiri kapena zitatu, n'kukhala pansi akumwetulira. Koma pa nthawi ya chakudya, akaweramira pansi, miyendo yakutsogolo inkapinda yokha. N'chifukwa chake mpaka lero mukakumana ndi njiri ikudya, mudzaipeza itagwada.

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaiphule isanapserere.